Nsomba Yopanda Mutu

Chipumireni pa ntchito, aphunzitsi Amândio
amabwera m'mawa uliwonse ku mathandala athu a ku Gafanha,
buku kukhwapa, kansalu pamphuno poopa fungo.
Ife tikuyanika, iwo akufunsa:
"Deolinda, zaka makumi atatu ukutembenuza bakayawo,
kodi ukudziwa kumene dzinali linachokera?"

Ndimati linabwera pa sitima, aphunzitsi,
pamodzi ndi mchere ndi nsabwe za amuna athu.

Amaseka, n'kunyowetsa chala, n'kutsegula tsamba.
Akuti ena amati ndi mdzukulu wa liwu lachilatini
lotanthauza ndodo,
poti nsombayi ikauma imati gwaa,
ungathe kupirikitsira galu wakuba.
Akuti ena amakana, ati ndi la Abasiki,
aja ankalondola anangumi kutali osauza munthu njira.
Tsiku lina anafika ali wefuwefu, chipewa m'manja:
"Adatchi amati kabeliyawo!
Tamvera bwino: kabe, baka. Baka, kabe.
Liwu ndi lomwelo, langovala malaya chotembenuza.
Koma anayamba ndani kubwereka kwa mnzake,
apo bukuli langoti zii."

Bwanji osaifunsa yokha, ndinatero.
Koma taonani mmene imatifikira:
yong'ambidwa pamimba, yotambasulidwa ngati thewera,
yopanda mutu.
Mutu unatsala ku Terra Nova, m'madzi oluma mafupa,
lilime analidula padera n'kuliponya mumgolo.
Chinthu chopanda pakamwa
chingakuuzeni bwanji kuti ndine uje?

Ine dzinali ndinaliphunzira kwina.

Mu Epulo wansembe anawaza madzi pa masitima,
Albano wanga n'kukwera ndi thumba lake la seyala.
Kumeneko aliyense amatsitsidwa m'kabwato kake
yekhayekha,
ndi chingwe cha mbedza mazanamazana,
buledi wouma, ndi chigoba cha nkhono choti azilizira
nkhungu ikatseka.

Mu Okutobala sitima inabwera yolemera,
madzi ali m'khosi.
Tinawerenga otsika, ine ndi akazi anzanga,
aliyense n'kusiya kuwerenga akapeza wake.
Ndinawerenga mpaka wophika, mpaka galu wa kaputeni.
Anandipatsa thumba lija: jombo, lumo,
juzi imene ndinaluka ndekha.
Ati analiza belu masiku awiri.

Lolemba lake ndinali pano
kutsuka nsomba za m'sitima yomweyo.
Zina mwa izo anazikoka ndi iye, manja ake omwe aja.
Ndinkazinyamula imodziimodzi, kufuna chizindikiro,
koma bala la mbedza limakhala pakamwa,
ndipo pakamwa palibe.

M'tauni amaitcha bwenzi lokhulupirika
poti siola, imadikira kuseri kwa chitseko chaka chathunthu,
usiku wa Khirisimasi n'kutera m'mbale ndi mbatata ndi kabichi.
Bwenzi lanji lotenga mwamuna n'kubweza mchere?
Komabe sindinama,
ndi lomweli linagulira Zulmira wanga nsapato ndi makope,
ndi lomweli lang'amba zala zangazi.
Ndimaliviika masiku awiri, kusintha madzi kanayi,
limafewa, limatupa,
limakhala ngati likufuna kukumbukira kuti linali nsomba.
Ndimalidya. Limakoma. Ndicho chimandipweteka.

Dzulo aphunzitsi anakhala pa bokosi, pensulo kukamwa.
"Nanga ndilembe chiyani pomaliza?"

Lembani kuti sitikudziwa, ndinatero.
Lembani kuti dzinali linayenda m'kamwa mwa anthu onyowa,
ogulitsana padoko asakumvana chilankhulo,
wina kuloza ndi chala, wina kubwereza molakwitsa,
ndipo mwina likuyendabe,
kwinakwake kutali ndi nyanja akulitchula mwa iwo okha
anthu amene sanaonepo sitima.

Asanalembe, mphepo inatembenuka,
mtambo wakuda ukutuluka cha kudoko.
Bakayawo sakondana ndi mvula.
Tinathamangira kukaanula, akazi tonse, mfuu uli pakamwa.
Aphunzitsi anayang'ana buku, anayang'ana kumwamba,
n'kulisiya pa bokosi lili chitsegukire.

Gwirani uko, aphunzitsi, kumchira.
Kumutu kulibe pogwira.